Kulira kwa Esinati m'Nyimbo ya Chigayo

1984, galaja ya kufupi ndi Chitedze

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo pofotokoza amathira mchere wambiri kuposa ine. Ndiyambira pamene ndinalandira yunifolomu yoyamba, ovolosi yabuluu imene miyendo yake ndinkachita kupinda katatu. Ndinalembedwa ntchito ku bungwe lina la alimi limene linali ndi galaja yake kufupi ndi Chitedze, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Bungwelo linatha kalekale, ndipo dzina lake silingakuthandizeni kanthu. Ntchito yanga inali ya pa galimoto ya chimkuzamawu. Tinkayenda m'midzi ya ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka Nambuma, kuuza alimi nthawi yofesa nazale ya fodya, tsiku la msonkhano wa kalabu, ndi tsiku lopita ndi ng'ombe ku dipi. Woyendetsa anali a Kalilombe, bambo wachikulire amene mawu ake a tsiku lonse sankadzaza chikhatho. Ine ndinkakhala kumanzere kwawo, wailesi ya kaseti pamiyendo, maikolofoni m'manja, ndipo padenga panali zimkuzamawu ziwiri, china choyang'ana kutsogolo, china kumbuyo.

Lamulo la ntchitoyo linali lakuti usanatsegule pakamwa, yamba waitana anthu ndi nyimbo. Munthu wa kumudzi sasiya khasu chifukwa cha mawu a wovala ovolosi yobwereka, koma nyimbo imamudzutsa ngakhale pamphasa. Bungwe linatipatsa makaseti atatu, awiri a kwaya, ina ya nyimbo zolimbikitsa ulimi. Fumbi la ku Nsaru ndi dzuwa la pagalasi zinawadya onse chaka chisanathe. Ndinkachita kuwakulunga ndi bolopeni, poduka n'kumata ndi utoto wa zikhadabo, mpaka kwaya inayamba kuimba ngati anthu amene akumira. Ndikapempha atsopano kwa abwana athu, a Chapola, yankho linali loti nkhaniyo ili ku likulu. Nkhani zambiri za bungwe lathu zinakalambira ku likulu komweko. Kwa miyezi iwiri tinkaitana anthu ndi hutala, ndipo amene ankabwera mokhulupirika anali agalu.

Pa galajapo panali makaniko wachizungu amene anabwera kudzakonza mathirakitala. Tinkamutcha Mandevu chifukwa dzina lake lenileni linkatipinda lilime. Akamagwira ntchito ankayatsa kawailesi kake, ndipo tsiku loyamba kumva nyimbo imene ndikufuna kukuuzaniyi ndinathamangira m'galaja poganiza kuti lamba wa injini waduka. Imayamba ndi gitala imodzi yokha, yamawu okhuthala, ikubwereza kachigawo kamodzimodzi pang'onopang'ono. Kenako ng'oma zimalowa, kenako zonse pamodzi, ndiyeno mwamuna amakuwa ngati waponda khala la moto. Ndinaima pakhomo tsitsi litaima. Sindinadziwe ngati ndikuikonda kapena ndikuiopa, ndipo mpaka lero funso limenelo sindinaliyankhe.

Tsiku lina pa nkhomaliro Mandevu anandifotokozera mbiri yake, theka m'Chingerezi, theka ndi manja. Anati oimbawo anali anyamata atsitsi lalitali, ana a anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Poyamba akuluakulu a kwawo ankati zimenezo si nyimbo koma phokoso, ndipo makolo ankaletsa ana awo kuzimvera. Koma nyimbo iyi itatuluka inagwira dziko lonse ngati chimfine, mpaka mabwalo a mpira ankadzaza anthu ofuna kumva iyo yokhayo. Anati kwawo munthu aliyense wophunzira gitala amayambira pa kachigawo koyamba kaja. Ntchito yake itatha anandisiyira kasetiyo. Inali yojambula yekha kunyumba, dzina la gululo atalilemba ndi pensulo, ndipo girisi anali atalifuta kale.

1985 mpaka 1987, Nsaru ndi Kabudula

Ndinaiyesa koyamba ku Nsaru tsiku la msika. A Kalilombe anandiuziratu kuti miyala ikayamba kuuluka iwo sadikira munthu. Gitala itangoyamba, msika wonse unatembenuka. Wogulitsa mbuzi anataya chingwe. Mayi wina wa tomato anafunsa mokweza ngati masiku ano chigayo chayamba kuyenda pamsewu, anthu n'kufa ndi phwete, dzina n'kumamatira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo inali nyimbo ya Chigayo, galimoto inali ya Chigayo, ndipo ine, mwana wa mkulu wa mpingo, ndinasanduka a Chigayo. Kunena zoona mayiyo sanalakwe. Imayambadi ngati chigayo cha dizilo chikamaliza kupukusidwa: gu, gu, gu, kenako n'kugwira.

Palibe amene ankamva mawu ake, ngakhale aphunzitsi amene ankanamizira. Koma zimenezo sizinaletse kanthu. Amayi ankasinja motsata ng'oma zake. Oimba a magitala a zigubu ndi babatoni anaiphunzira pomvera galimoto ikaima, n'kumakaiimba m'maukwati ndi mawu awoawo. Bambo wina ku Kabudula anatcha ng'ombe yake ya pangolo Chigayo, ati chifukwa nayonso inkachedwa kuyamba koma ikayamba sinkaimika. Akulu a mpingo wathu anandiitana kundifunsa ngati oimbawo ndi anthu kapena ziwanda. Ndinawayankha kuti ndi ana a amphawi ngati ife, ndipo anandimasula ndi chenjezo loti ndisaiyatse Lamulungu. Pamene kale pamsonkhano pankabwera anthu okwana pa benchi imodzi, tsopano mudzi wonse unkabwera, ndi odwala omwe.

A Chapola ankadziwa zonse. Ankadziwanso kuti kuyatsa kaseti yosavomerezedwa ndi likulu unali mlandu wochotsera munthu ntchito. Koma malipoti awo a misonkhano anali atanenepa, ndipo tsiku lina anangondiitanira pambali n'kunena kuti, “Ine sindinamve kalikonse, ndipo inu musandimvetse.” Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatira amayi anu, tili m'nyumba ya bungwe ya malata ku Namitete, inu awiri oyamba mutabadwa. Ndikadutsa pamsika anthu ankandipatsa chimanga chootcha kwaulere. Ndinadzimva kukoma, sindibisa. Akulu anati ng'oma yolira sikhalira kusweka, koma ine mwambi umenewo ndinkauona ngati wonena za ng'oma za eni ake.

Malichi 1988, kwa Kapalanga

Mwambo wathu mukuudziwa. Ukaona masamba aikidwa pamsewu, ndiye kuti pamudzipo pali maliro. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda ngati kamba, wa wailesi amazimitsa. Tsiku limenelo tinkachokera ku Kabudula, ndipo masamba a kwa Kapalanga tinawaona mochedwa chifukwa anali pokhota, chimanga chitatalika mbali zonse. Nyimbo inali pakati, pamene woimba amakhala chete gitala n'kumalira yokha. Ndinazimitsa msanga, kuvula chipewa, kuweramitsa mutu. Tikudutsa pang'onopang'ono pafupi ndi nyumba ya siwa, ndinaganiza zobweza kaseti kuti ikhale pachiyambi tikamafika mudzi wotsatira. Si ulemu kumagwiragwira zinthu pamaso pa anthu olira, choncho ndinapapasa mabatani osayang'ana, maso ali pa chipewa. Maikolofoni inali italendewera pazenera. Anthu ankatulutsa kabokosi kakang'ono ka mwana, ndipo kumbuyo kwake kunali mayi wogwiridwa ndi anzake awiri, akulira. Kumaso sindinamuone. Titadutsa, ndinatsitsa maso n'kuona kagetsi kofiira kakuyaka. Ndinali nditadina batani lojambula. Kumsana kwa kaseti kumakhala timakutu tiwiri timene umathyola kuti isajambulikenso, koma Mandevu sanatithyole, ndipo ine zaka zonsezo sindinaganizeko.

Tinazimva mudzi wotsatira. Nyimbo inayenda bwinobwino mpaka pakati. Pamenepo gitala inaduka mwadzidzidzi, ndipo padenga la galimoto panatuluka mawu a mzimayi: “Ganizani mwana wanga, Ganizani iwe, wandisiya ndi yani ine, mayo!” Anakoka kulirako nthawi yokwana kumwa kapu ya madzi, kenako gitala inabwerera ngati palibe chachitika. Ine ndinazindikira maliro aja. Koma anthu a kumeneko sankamudziwa mayiyo. Iwo anaomba m'manja, ati Chigayo waphunzira Chichewa. Mwamuna wa m'nyimbomo ankakuwa kale, ndiye kulirako kunalowa ngati kunali komweko chiyambire.

A Kalilombe sanaseke. Tili m'njira anayankhula osandiyang'ana kuti ndichotsemo chinthucho. Ndinawayankha kuti ndikafufuta patsala dzenje pakati pa nyimbo, ndipo kaseti ina ndilibe. Zimenezo zinali zoona, koma si zonse. Ndikulemba izi ndi manyazi, ana anga: anthu anakonda kulirako kuposa gitala. Ankandipempha kuti ndibwereze pamalo pomwepo. Ndinadzinyenga kuti bola ndisayatse kwa Kapalanga, palibe amene ndikumulakwira. Kwa miyezi iwiri ndinayenda ndi kulira kwa mayi wosamudziwa, kukutulutsa m'misika ndi m'mabwalo, kawiri katatu pa tsiku. A Kalilombe analeka kudya nane, ndipo kasetiyo ankakana kuti igone m'galimoto.

Meyi 1988, kwa Msanyama

Kwa Msanyama ndi kutali ndi kwa Kapalanga, mbali ya ku Nambuma. Tinafikako masana dzuwa lili pamutu, anthu ali pa ntchito yokolola. Pamsewu panalibe masamba. Ndinayatsa Chigayo monga mwa masiku onse, anthu n'kuyamba kusonkhana pabwalo. Ndinaona kuti amayi angapo anali ometa mipala, koma mutu wanga sunagwire tanthauzo lake msanga. Nyimbo inafika pakati, gitala inaduka, mawu aja anatuluka.

Palibe anaomba m'manja. Mayi wina amene anasenza dengu la chimanga anangolisiya, chimanga n'kumwazika, iye osachiyang'ana. Pakhonde la nyumba ina panadzuka mayi wokalamba, wometa, wovala nsalu yakuda. Anayenda kubwera ku galimoto manja atatambasula, osathamanga, osalira, akungoitana pansipansi kuti, “Esinati. Esinati mwana wanga.” Ndinazimitsa, koma iye sanaime. Anasuzumira pazenera langa, n'kuyang'ana kumbuyo kwa mpando. Anazungulira kukayang'ana kumbuyo kwa galimoto, kenako anagwada n'kusuzumira pansi pake. Atadzuka anandigwira dzanja, ndipo dzanja lake linali lozizira ngati mtsuko. Anandifunsa mwaulemu kwambiri kuti ndamuika pati.

Amuna anali atatizungulira. Mmodzi wa iwo, wamtali, wa imvi, anati iye ndi Chiwaula, malume ake a Esinati, mwini mbumba. Sanakweze mawu. Anafotokoza kuti Esinati anatengedwa chitengwa kupita kwa Kapalanga, kwa mwamuna wake Lufeyo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ganizani, anamwalira mu Malichi. Chiikire mwanayo, Esinati mawu anamuthera. Poyamba anthu ankati ndi kusasa kwa kulira, kutha kokha. Koma sabata zinapita iye osatulutsa liwu ngakhale limodzi, chakudya akukana, thupi likutha. Anamwalira ali chete, ndipo anali atamuika kwawo konkuno masiku asanu ndi anayi apitawo.

“Timafunsana kuti mawu a mwana wathu anapita kuti,” anatero a Chiwaula. “Lero mwabwera nawo.”

Ndinamva wina kumbuyo akunena kuti n'chifukwa chake galimotoyi imakoka anthu chonchi. Ndinadziwa zimene ankatanthauza: kuti ndinakhwima, ndinatenga mawu a munthu wamoyo kuti ntchito yanga iziyenda. Palibe anatola mwala. Anangotsegula njira, ndipo kumeneko kunali koopsa kuposa miyala. A Chiwaula anaweramira pazenera n'kunena kuti, “Pitani. Koma tikudikirani, chifukwa amene ali kumandayo sakugona.”

Sabata yomweyo, ku ofesi

Nkhani inafika kwa a Chapola ife tisanatsike m'galimoto. Anatseka chitseko n'kundiuza zoti ndichite. Anati ndifufute kasetiyo yonse, ndipo aliyense akafunsa ndinene kuti anthu achisoni amamva zimene mitima yawo ikufuna. Kaseti yopanda mawu ilibe mlandu. Koma ndikavomera, nkhani ikafika ku likulu kuti kwa zaka zitatu galimoto ya bungwe yakhala ikuimba nyimbo yosavomerezeka, ndipo pamapeto yajambula maliro. Pamenepo iwo sangathenso kunditeteza. Galimoto ndiisiya, nyumba ya malata ndiisiya, mwinanso ntchito imene. Anandikumbutsa kuti amayi anu anali oyembekezera. A Chapola sanali munthu woipa. Ankaopa likulu monga mmene tonse tinkaliopera, ndipo anandipatsa mpaka Lachisanu.

Lachinayi masana, anthu atapita kukadya, ndinakhala ndekha m'galaja ndi wailesi ija. Ndinachotsa waya wa zimkuzamawu, n'kubweza kaseti mpaka pamalo paja kuti ndidziwe poyambira kufufuta. Aka kanali koyamba kumvera kulirako pansipansi, khutu lili pafupi, popanda injini ndi phokoso la anthu. Ndinamva zinthu zimene padenga sizinkamveka. Kunali nkhuku ikulira chapatali. Kunali mapazi a anthu onyamula bokosi. Ndiyeno kulira kutatha, gitala isanabwerere, mayiyo anakoka mpweya n'kunena motsitsa, ngati mmene umayankhulira ndi mwana amene wadzidzimuka kutulo: “Usaope, ndikubwera.”

Chala changa chinali kale pa batani lojambula. Ndinachichotsa. Ndinaona ngati pa benchi ya kumbuyo kwanga pakhala munthu, ndipo sindinacheuke. Ndinazindikira kuti amenewo anali mawu omaliza amene Esinati anayankhula pa dziko lino, ndipo anali m'manja mwa ine, mlendo amene sindinamuone ngakhale kumaso.

Nditafika kunyumba ndinafotokozera amayi anu zonse. Iwo ankapeta mtedza pakhonde, ndipo sanasiye kupetako. Anangondifunsa kuti, “Akanakhala mawu anga, mukanakonda afufutidwe ndi munthu wapanjira?” Ndinawakumbutsa za nyumba. Anati anabadwira m'nyumba ya udzu ndipo sinawalume.

Loweruka, kumanda a kwa Msanyama

Ndinabwereka njinga ya a Kalilombe. Anandipatsa osafunsa kumene ndikupita, ndipo anapopa okha matayala. Ndinamanga wailesi pakaliyala, mabatire atsopano m'thumba, ndi nkhuku yoyera yopepesera. Ndinafika dzuwa litakwera. Anandikhazika pansi pa mtengo wa mango, ndipo anatuma munthu kukaitana a Lufeyo, amene anali asanabwerere kwawo chichitikire maliro. Anali bambo wamng'ono thupi, wa msinkhu wanga, maso ake ofiira. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa masamba a pamsewu. Ndinawaonetsa batani lobweza ndi batani lojambula, mmene anayandikanirana. Sindinabise kuti ndinadziwa tsiku lomwelo, ndi kuti ndinapitiriza kuyatsa chifukwa anthu ankakonda. Pamenepo amayi ena anang'ung'udza, ndipo anali ndi chifukwa.

A Chiwaula anati za batani azimva, koma za mawu a mwana wawo kutha tsiku lomwelo batani silingazifotokoze. Ine ndinavomera kuti silingathe, ndipo lero lomwe sindingathe. Anyamata ena ankati kasetiyo itenthedwe. Amayi ake a Esinati anakana. Anati munthu satenthedwa, amaikidwa. Anagwirizana kuti ikakwiriridwe kumutu kwa manda ake, kuti mwini mawu alandire zake agone.

Pamenepo a Lufeyo anadzuka. Anapempha kuti asanapite nayo, iwo amveko kamodzi. Ena anati n'zosayenera, koma a Chiwaula anawaloleza. Anthu anasunthira kutali. Ndinatsitsa mawu monga ndinachitira m'galaja, a Lufeyo n'kuika khutu pa wailesi. Kulira kutayamba anatseka maso. Atafika pa mawu omaliza aja, anatsegula maso n'kundiyang'ana ngati ndawamenya. Anandiuza ndi chala kuti ndibweze. Ndinabweza. Anamvera kachiwiri, ndi kachitatu.

“Eti anatsanzika mwana,” anatero. “Ine miyezi iwiri ndikumupempha liwu limodzi lokha.”

Sanalire. Anatulutsa okha kasetiyo, n'kuikulunga m'kansalu koyera kamene apongozi awo anawapatsa. Adzukulu okumba manda anatitsogolera. Ndinavula nsapato polowa m'mitengo ya kumandako, mmene ngakhale masana mumakhala mthunzi wozizira. Anakumba kadzenje kofika m'chigongono kumutu kwa mtumbira watsopano. A Chiwaula anagwada n'kuyankhula ndi Esinati monga umayankhulira ndi munthu amene ali m'chipinda china. Anamuuza kuti katundu wake wabwera, amene anamutenga wapepesa, tsopano agone asavutitse ana. Pokwirira panalibe mphepo, koma masamba ouma anagwa ambiri pamutu pathu. Adzukulu anayang'anana, ndipo tinatuluka osacheuka.

Lolemba ndinauza a Chapola zimene ndinachita. Anagwira mutu nthawi yaitali. Anayesetsa ndithu kuti ndisachotsedwe ntchito, koma galimoto ndinaisiya, nyumba ya malata tinatulukamo, ndipo ananditumiza ku Nambuma kukayang'anira nyumba yosungiramo mbewu. Kumeneko ndinakhala mpaka kupuma pa ntchito, ndikulimbana ndi anankafumbwe ndi makoswe. Iwe Tamanda unabadwira m'nyumba yodontha chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo tsopano ukudziwa woti umudandaulire. Maikolofoni sindinaigwirenso, ngakhale kutchalitchi. Koma ndinkagona tulo. Ndinkati ndataya zambiri, komabe Esinati ndamubwezera zake ndipo wapuma.

Chaka chatha, Nsaru

Mdzukulu wanga Chisomo atabwera ku holide, ndinamuimbira ndi pakamwa kachigawo koyamba kaja, ndipo anaipeza pa foni yake madzi a tiyi asanawire. Ndinawaona koyamba anyamata oimba aja amene Mandevu ankanena. Anali nkhalamba ngati ine, tsitsi lalitali lomwe lija koma loyera, akudumphadumpha pamaso pa chinamtindi cha anthu chosaoneka mapeto. Chisomo anati nyimboyo ikadali yotchuka dziko lonse, amaiika m'mafilimu ndi pa masewero a mpira. Itafika pakati ndinagwira mpando. Gitala inalira yokha mpaka kumapeto, palibe anaidula. Ndinapuma, koma kunena zoona inamveka yoperewera.

Patapita miyezi iwiri ndinaitanidwa ku ukwati wa mwana wa mnzanga ku Nsaru. Unali wa masana, pabwalo la sukulu, ndi bandi ya achinyamata ya magitala amagetsi. Pa nthawi ya perekaniperekani woyendetsa mwambo analengeza kuti tsopano kukubwera nyimbo ya makolo athu. Gitala inayamba: gu, gu, gu. Anthu anadzuka m'mipando akukuwa kuti Chigayo. Ndinaseka ndekha, poona ana obadwa dzulo akuvina nyimbo ya azungu a m'mafakitale n'kumati ndi ya makolo.

Kusekako kunathera pakati pa nyimbo. Bandi yonse inaima nthawi imodzi. Mtsikana wovala diresi yonyezimira anapita kutsogolo, n'kugwira maikolofoni ndi manja awiri, n'kulira: “Ganizani mwana wanga, Ganizani iwe, wandisiya ndi yani ine, mayo!” Anakoka mawu pamene Esinati anakoka, anatsitsa pamene Esinati anatsitsa. Amayi analuluta nthungululu, mkwati ndi mkwatibwi akuvina. Miyezi iwiri ija imene ndinayenda ndi kulirako inali yokwanira. Oimba a zigubu anali ataiphunzira ndi kulira komwe, n'kuphunzitsa ana awo, anawo n'kuphunzitsa awa. Ndinafunsa mayi wa pafupi nane kuti Ganizani ameneyu anali ndani. Anandiyankha kuti si munthu, ndi mmene nyimboyo imaimbidwira basi.

Mkwiyo unandigwira. Ndinataya galimoto ndi nyumba kuti mayiyu agone, ndiye zaka zonsezi wakhala akulira m'maukwati. Ndinanyamuka kuti ndikawauze oimbawo asiye. Munthu wina anandigwira mkono. Anali nkhalamba yaing'ono thupi, ya ndodo, yokhala kumapeto kwa benchi, jekete lake lothothoka m'khosi.

“Asiyeni, a Chigayo,” inatero.

Dzina limenelo ndinali ndisanaitanidwe nalo zaka makumi atatu. Ndinayang'anitsitsa, n'kuzindikira a Lufeyo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kupepesa, kuti sindinadziwe, kuti ndinkaganiza kuti zonse tinakwirira tsiku lija. Anapukusa mutu. Anati iwo anadziwa chaka chomwecho. Anati pa ukwatiwo sanaitanidwe, ndipo eni ake sakuwadziwa n'komwe. Akangomva kuti kwinakwake kuli ukwati wa bandi amanyamuka m'mawa wapansi, amakhala kumapeto kwa benchi, akamva amabwerera. Sanakwatirenso.

“Mtsikanayu amayesetsa,” anatero. “Koma kamawu komaliza kaja sakadziwa. Tinatsala awiri okadziwa, inu ndi ine.”

Anthu anakuwa kuti ibwerezedwe, ndipo bandi inayambiranso. Itafika pakati inaimanso, mtsikana analiranso. Kulira kutatha pamakhala kampata kakang'ono gitala isanabwerere, kokwana kukoka mpweya kamodzi. M'kampata kameneko ndinamva a Lufeyo pambali panga, maso atatseka, akunena motsitsa kuti, “Usaope, ndikubwera.”

A Lufeyo tinawaika m'manda kwa Kapalanga mvula yoyamba isanagwe.